Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika: Mpikisano wa phokoso m'nyimbo za makono

Aliyense amene adasakanizapo nyimbo zakale ndi zatsopano pa memory card imodzi akulidziwa vutoli. Ikayamba nyimbo ya Allan Namoko kapena ya Alleluya Band yochokera pa tepi, mumakweza voliyumu kuti mumve bwino. Ikangotha iyo n'kulowa ya mnyamata wa masiku ano, mazenera amanjenjemera, khanda n'kudzidzimuka, agogo n'kuyamba kufunsa ngati m'nyumba mwalowa chigayo. Chonsecho palibe wakhudza wailesi.

Ambiri amangoti zipangizo zakale zidali zofooka pamene za lero n'zamphamvu. Zoona zilipo pang'ono pamenepo, koma gwero lenileni la nkhaniyi lili pena. Nyimbo zambiri za makono amazikweza dala zisadatuluke mu situdiyo, ndipo kukwezako sikubwera kwaulere. Pali chinthu chimene nyimbo imataya kuti imveke mokweza chotero. Kwa zaka zoposa 30 tsopano, akatswiri ojambula nyimbo ku America ndi ku Ulaya akhala akukangana za mchitidwewu mpaka adaupatsa dzina loti loudness war, kutanthauza nkhondo ya phokoso.

Nyimbo nayo imapuma

Kuti timvetse chimene chimatayika, tiyambire kutchalitchi. Kwaya yodziwa ntchito siimba mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wotsogolera akatsitsa dzanja, mawu amatsika ngati akunong'ona, mpingo wonse n'kuti zii. Akalikweza, mawu amasefukira, tsitsi n'kuti nyaunyau. Chimodzimodzi kudambwe: woimba mbalule samenya ng'oma ndi mphamvu imodzi. Pena amangoisisita, kenaka n'kuitibula pamene wovina wadula sitepe. Kukoma kuli pa kusiyanako.

Mpata umene uli pakati pa mawu otsika kwambiri ndi okwera kwambiri m'nyimbo, akatswiri amautcha dynamic range, ndipo amauyeza m'ma decibel monga momwe timayezera chimanga m'makilogalamu. Munthu akamanong'ona amatulutsa ma decibel pafupifupi 30, anthu akamacheza bwinobwino amafika cha m'ma 60, pamene pafupi ndi makina a chigayo phokoso likhoza kupitirira 90. Phokoso likakwera ndi ma decibel 10, khutu limamva ngati lawirikiza kawiri.

Nyimbo yokhala ndi mpata waukulu imakhala ndi moyo. Ng'oma ikagunda imamveka kuti yagundadi chifukwa yatumphuka pamwamba pa zida zinazo. Woimba akafika pa kolasi, omvera amadziwa kuti afika pachimake chifukwa ndime yapitayo idali yofatsa.

Denga losabooleka

Chimbale cha CD, chimene makampani a Sony ndi Philips adatulutsa m'chaka cha 1982, chidabwera ndi mpata wa ma decibel pafupifupi 96, woposa kutali wa tepi kapena wa mbale zakuda za galamafoni. Anthu adaganiza kuti tsopano nyimbo zizipuma momasuka. Koma CD, monganso nyimbo iliyonse yosungidwa mu kompyuta, ili ndi denga limene mawu sangapitirire. Dengali amalilemba kuti 0, ndipo mawu onse amawerengedwa kuchokera pamenepo kutsika m'munsi.

Ndiye munthu angakweze bwanji nyimbo pamene kugunda kwa ng'oma kwafika kale padenga? Alimi a fodya yankho akulidziwa. Bokosi lodindira belo silikula, koma ukafuna kuti mulowe fodya wambiri umatsendera ndi jeke. Mu situdiyo, jekeyo ndi zida ziwiri zotchedwa compressor ndi limiter. Zimapanikiza mawu okwera aja kuti atsike, kenaka katswiri amanyamula nyimbo yonse kuikankhira kudenga. Zotsatira zake, mawu amene adali otsika akwera, amene adali okwera ali pomwepo, ndipo nyimbo yonse ikumveka mokweza. Izi zimachitika kwambiri pa gawo lomaliza lokonza nyimbo lotchedwa mastering.

Kupanikiza pakokha si tchimo. Pafupifupi nyimbo iliyonse imene mudaimvapo pa wailesi idadutsa mu compressor, ndipo mwakachetechete chidachi chimathandiza kuti mawu a woimba asamire m'magitala. Vuto ndi muyeso. Mlimi aliyense amadziwa kuti jeke ikapyola, tsamba limaphwanyika, fodya wabwino n'kutsika giredi. Nyimbonso ikapanikizidwa mopyola, nsonga za mawu zimametedwa ndipo m'masipika mumamveka kuthetheka ngati sipika yang'ambika.

Mukaona chithunzi cha nyimbo pa kompyuta, kusiyanaku kumaoneka ndi maso. Nyimbo ya m'ma 1980 imaoneka ngati mapiri a ku Dedza, pena nsonga pena chigwa. Yambiri ya m'ma 2000 imaoneka ngati njerwa, yosalala pamwamba ndi pansi pomwe.

Kupanikiza kumeneku tisakusokoneze ndi kuja kwa MP3. Kwa MP3 kumachepetsa kukula kwa fayilo kuti nyimbo zambiri zikwane mu foni. Kumene tikunena pano kumachepetsa mpata wa pakati pa mawu otsika ndi okwera, ndipo kumachitika nyimbo isadafike n'komwe pa msika.

Mpikisano udayamba kale

Khalidwe lofuna kuposa mnzako phokoso silidayambe ndi makompyuta. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, m'malo omwera ndi odyera a ku America mudali makina otchedwa jukebox, amene munthu ankaponyamo ndalama n'kusankha nyimbo. Voliyumu ya makinawo ankaitchera mwini malo, kotero mbale imene idajambulidwa mokweza ndiyo inkagwira makutu a anthu. Kampani ya Motown ya mumzinda wa Detroit idatchuka ndi kutulutsa mbale zomveka mokweza kuposa za ena ambiri.

Komabe mbale zakuda zidali ndi malire achibadwa. Ukakweza mopyola, singano inkadumpha m'kanjira kake, mbale n'kukhala yosagulitsika. Malire amenewa ndiwo ankaweta akatswiri.

CD ilibe singano yoti n'kudumpha. M'zaka zoyambirira akatswiri ankaigwira mwaulemu, ndipo nyimbo zambiri za m'ma 1980 zinkakhala ma decibel pafupifupi 16 mpaka 18 pansi pa denga lija, kusiya malo oti ng'oma zitumphukire. Zinthu zidasintha m'ma 1990 pamene kudabwera ma limiter a pa kompyuta otha kuona kugunda kwa ng'oma kusadafike n'kukupanikiza nthawi yomweyo. Chimodzi mwa zida zotchuka zotere, L1 ya kampani ya Waves, chidatuluka m'chaka cha 1994.

Chaka chotsatira, gulu la Oasis la ku Manchester lidatulutsa chimbale chake chachiwiri chimene nyimbo zake zambiri zidali ma decibel pafupifupi 8 okha pansi pa denga. Chidagulidwa ngati zitumbuwa, ndipo makampani ena adaganiza kuti chinsinsi chagona pa phokoso. M'chaka cha 1999, chimbale cha Californication cha gulu la Red Hot Chili Peppers chidatuluka chikuthetheka moti ngakhale anthu wamba adadandaula.

Nazo nyimbo zakale sizidapulumuke. Makampani akamazitulutsanso ankazikweza kuti zifanane ndi zatsopano. Nyimbo ya Michael Jackson ya Black or White ndi chitsanzo chimene akatswiri amakonda kuonetsa: idatuluka mu 1991, idatulukanso mu 1995 ndi mu 2007, ndipo ulendo uliwonse inkabwera yokwera kuposa poyamba. Woimba yemweyo, nyimbo yomweyo, koma mapiri aja akunka nasalala.

Khutu limanamizika

N'chifukwa chiyani anthu odziwa ntchito yawo ankachita zimenezi? Yankho lili m'khutu la munthu. M'chaka cha 1933, akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, adaonetsa kuti khutu silimva mawu onse mofanana. Voliyumu ikakhala yotsika, mawu a besi ndi mawu osongoka kwambiri amamveka mofooka. Ikakwera, amatulukira. N'chifukwa chake mukamumvetsera munthu nyimbo imodzi kawiri, ulendo wachiwiri mutakweza pang'ono osamuuza, kawirikawiri amanena kuti yachiwiriyo ndiyo yabwino.

Apa ndiye padagona msampha. Woimba akamva chimbale cha mnzake chikulira kuposa chake, ankabwerera kwa katswiri kukadandaula kuti chake chafooka. Katswiri naye poopa kuluza kasitomala ankawonjezera jeke. Zili ngati pa msika pamene wogulitsa kaunjika mmodzi wagula chimkuzamawu: mawa lake oyandikana naye onse agula, ndipo mapeto ake palibe amene akumveka, ogula akungobwerera kwawo mutu ukuwawa.

Kunamizika kwa khutuku n'kwa kanthawi. Pakapita mphindi zingapo, womvera amatsitsa voliyumu kufika pamene iye akufuna, ndipo chimatsala ndi nyimbo yopanda zigwa ndi nsonga. Akatswiri ambiri a mastering amanena kuti nyimbo zotere zimatopetsa msanga, munthu amangozimitsa wailesi osadziwa chamutopetsa. Woimba wa ku America Bob Dylan, polankhula ndi magazini ya Rolling Stone mu 2006, adadandaula kuti zimbale za makono zimamveka moipa chifukwa paliponse pangodzaza phokoso, palibe chimene chikumveka pachokha.

Chimbale chimene chidaulula zonse

Mkangano udafika pachimake pa 12 September 2008, pamene gulu la Metallica lidatulutsa chimbale cha Death Magnetic. Chidafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain, koma ogula ambiri atafika nacho kunyumba adayesa masipika awo aonongeka.

Mwangozi, umboni udapezeka poyera. Nyimbo zomwezo zidatulukanso m'masewera a pa kanema otchedwa Guitar Hero, ndipo eni masewerawo adapatsidwa nyimbozo zisadapanikizidwe mopyola. Anthu wamba adatha kuika ziwirizo pamodzi, kuzifananitsa voliyumu, n'kudzimvera okha. Ambiri adapeza kuti ya m'masewera ikumveka bwino kuposa CD imene adagula ndi ndalama zawo. Anthu zikwizikwi adasainira chikalata chopempha kuti chimbalecho chikonzedwenso. Ted Jensen, katswiri amene adachita mastering, adati nyimbozo zidamupeza zitapanikizidwa kale ndipo sadanyadire kuti dzina lake lili pa ntchitoyo. Woimba ng'oma wa gululo, Lars Ulrich, adaikira kumbuyo chimbalecho ponena kuti umo ndi momwe nyimbo za 2008 zimamvekera.

Chaka chomwecho padachitikanso zosiyana. Katswiri wina wotchuka, Bob Ludwig, adakonzera gulu la Guns N' Roses chimbale cha Chinese Democracy m'njira zitatu, kuyambira yosapanikiza mpaka yopanikiza kwambiri. Iye adadabwa kuona kuti eni ake asankha yosapanikiza ija. Gulu la Rush la ku Canada nalo lidamva madandaulo a otsatira ake pa chimbale cha Vapor Trails cha 2002, ndipo mu 2013 lidachitulutsanso chitakonzedwa mwatsopano.

Phindu lake lidali lotani?

Chomvetsa chisoni n'choti phindu limene ankalithamangira silidalipo kwenikweni. Oimba ankakhulupirira kuti nyimbo yokwera imveka kwambiri pa wailesi. Koma nyumba zoulutsira mawu zili ndi makina awoawo opanikiza chilichonse chisadapite m'mlengalenga, kuti womvera asamavutike ndi kukweza ndi kutsitsa. Robert Orban ndi Frank Foti, amene makampani awo amapanga makina amenewa, adalemba limodzi kuchenjeza kuti nyimbo yopanikizidwa kale siimveka mokweza pa wailesi kuposa inzake. Imangomveka yophwanyika kwambiri chifukwa yadindidwa kawiri.

Nako ku malonda umboni udasowa. Mu 2010, katswiri wina, Earl Vickers, adauza msonkhano wa bungwe la Audio Engineering Society kuti atafufuza sadapeze umboni woti kukweza chimbale kumachulukitsa ogula. Anthu amagula nyimbo chifukwa yawafika pamtima. Chimbale cha Random Access Memories cha Daft Punk, chimene chidatuluka mu 2013 chosapanikizidwa ngati zinzake za nthawiyo, chidagulidwa kwambiri ndipo chidapata mphotho za Grammy mu 2014, kuphatikizapo ya kajambulidwe kabwino.

Malamulo alowererapo

Chimene chidayamba kuziziritsa nkhondoyi si oimba koma madandaulo a oonera kanema. Anthu adatopa ndi malonda amene ankabwera mokuwa pakati pa pulogalamu. Mu 2006, bungwe la International Telecommunication Union lidakhazikitsa njira yoyezera phokoso motsatira mmene khutu limamvera, osangoyang'ana nsonga zokha. Muyesowo lero umadziwika kuti LUFS. Mu 2010, bungwe la nyumba zoulutsira mawu za ku Ulaya lidagwirizana kuti mapulogalamu onse azikhala pa -23 LUFS. Chaka chomwecho dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa CALM Act loletsa malonda a pa kanema kukuwa kuposa mapulogalamu, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu December 2012.

Makampani omvetsera nyimbo pa intaneti adatengera nzeru yomweyo. Spotify, imene idafika ku Malawi mu 2021, imaika nyimbo pa mlingo wa -14 LUFS pokhapokha womvera atasintha yekha, ndipo YouTube nayo imatsitsa nyimbo zokwera mopyola kufika cha pomwepo. Tanthauzo lake n'loti amene wapanikiza nyimbo yake mpaka kufika pa -7 amangotsitsidwa ndi ma decibel 7 kuti afanane ndi anzake. Phokoso lija lapita, koma kuphwanyika kwatsala. Pambali pake, nyimbo imene idasiyidwa kuti izipuma imamveka yamphamvu, ng'oma zake zikugunda pachifuwa.

Izi sizikutanthauza kuti nkhondo idatheratu. Nyimbo zambiri zotchuka zikutulukabe zopanikizidwa kwambiri, ena chifukwa cha chizolowezi, ena chifukwa kamvekedwe kameneko kadasanduka mbali ya chamba chawo.

Nanga kuno kwathu?

Nkhaniyi ikutikhudza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, jeke ija imene kale inkapezeka m'masitudiyo akuluakulu okha a ku London ndi New York lero ili mu kompyuta ya mnyamata aliyense amene watsegula situdiyo kuseri kwa golosale. Kwaya imene yasonkha ndalama miyezi ingapo kuti ijambule chimbale ikhoza kubwerako ndi nyimbo zimene ndime yonong'ona ndi kolasi zikumveka mofanana, luso lonse la wotsogolera litafafanizika.

Chachiwiri, njira zimene ambiri timapezera nyimbo sizifananitsa phokoso. Nyimbo yotumizirana pa WhatsApp kapena Bluetooth, ya pa flash ya mu minibasi, kapena yoikitsa kwa anyamata a pa msika, imalira monga momwe idatulukira mu situdiyo. Pamenepo yokwera imaonekabe ngati yapambana, ndipo woimba amakhala ndi chifukwa choumirizira katswiri wake kuti awonjezere.

Tisabise, kupanikiza pang'ono kumathandiza m'malo aphokoso. Mu minibasi imene injini ikubangula, ndime yofatsa kwambiri imasowa. Koma pali kusiyana pakati pa kuthira mchere ndi kukhuthulira paketi yonse mumphika.

Oimba ndi atsogoleri a makwaya angathe kudziteteza ndi njira yosafuna ndalama. Pemphani katswiri akupatseni nyimbo yanu pawiri, ina yopanikiza pang'ono, ina kwambiri. Tsitsani yokwerayo mpaka ziwirizo zimveke mofanana, kenaka mverani nyimbo yonse, osati masekondi khumi okha. Mverani pa sipika yaikulu, pa foni ndi pa kawailesi ka kunyumba. Tcherani khutu pa ng'oma ndi pa malo amene woimba amakweza mawu. Mukamva kuthetheka ngakhale voliyumu ili pansi, vuto si sipika yanu. Sunganinso kope losapanikiza lija, chifukwa nyimbo yofatsa itha kukwezedwa tsiku lina lililonse koma yophwanyika siwongoka.

Makutu alibe sipeya

Pali mbali ina imene makolo ayenera kuidziwa. Chimene chimaononga khutu si mmene nyimbo idajambulidwira pakokha, koma kuchuluka kwa phokoso lofika m'khutu ndi kutalika kwa nthawi. Komabe nyimbo yopanikizidwa ilibe popumira, kotero pa voliyumu yomweyo imathira phokoso lambiri m'khutu kuposa yakale.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidachenjeza mu 2015 kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha kamveredwe ka nyimbo. Malangizo ake ndi oti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera pa ma decibel 80. Phokoso likakwera ndi ma decibel 3 okha, nthawi yotetezekayo imadulidwa pakati. Pa ma decibel 100, amene si achilendo pafupi ndi masipika a pa ukwati kapena pa dansi, nthawiyo imatsala mphindi zosakwana 30 pa sabata yonse.

M'kati mwa khutu muli timaselo tonga ubweya timene timalandira mawu, ndipo tikafa sitimeranso. Mwana wanu akavala ma earphone inu n'kumamva nyimbo yake muli poteropo, kapena akamalephera kukumvani mukulankhula naye pafupi, voliyumu yakwera mopyola. Kulira kwa m'makutu pochokera ku zisangalalo ndi chenjezo, ndipo kukapitirira ndi bwino kukaonana ndi achipatala. Pa ukwati ndi pa misonkhano, ana asakhale kutsogolo kwa masipika.

Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Makampani a nyimbo a maiko olemera adatha zaka zambiri akupikisana kuliritsa ng'oma, ndipo mapeto ake makina a pa intaneti akuwatsitsa onse kuti afanane. Oimba athu sayenera kuyenda njira yonseyo kuti aphunzire zomwezo. Kukweza nyimbo ndi ntchito ya womvera, ali ndi batani lake m'manja. Ntchito ya woimba ndi kumupatsa nyimbo yoti akaikweza imukomere.